Anaiwala Kuitana Sungeni

Senderani pafupi, magetsiwa sabwera msanga, ndipo makala ali pambaulawa asapse pachabe. Nonse muli panonu mumagona m'nyumba za eni, ndiye nkhaniyi ndi yanu. Amene ali ndi khanda pamiyendo aligwiritsitse.

Ku Kaliyeka, mu Lilongwe momwe muno, kuseri kwa chigayo china cholira ngati chili ndi chifuwa, kunali nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Munkakhala Felesiya ndi mwamuna wake Gelesomu, wakabaza wa njinga yakapalasa, pamodzi ndi mwana wawo woyamba, Sungeni, amene anali atangoyamba kukwawa. Sinali nyumba yoti n'kuitanirako alendo ayi. Denga linkadontha, ndipo simenti ya pansi inali yokumbikakumbika ngati msewu wa kwathu kuno. Koma Sungeni pochokera kuchipatala anafikira m'menemo, mchombo wake unagwera m'menemo, ndipo anali ndi pamalo pake: kuchipinda, pansi pa windo, pamene mayi ake ankayala kamphasa ndi bulangete lofiira.

Mwanayo anali wolira, osati masewera. Anansi ankati Sungeni anabadwa ndi sipika pakhosi. Akayamba, agalu a mdera lonse ankamuthandiza.

Tsono Felesiya anali ndi kachizolowezi kamene mwamuna wake ankamuseka nako. Akakhala pansi penapake ndi mwana, kaya kutchalitchi, kaya pamzere wa kusikelo, ponyamuka ankayamba waitana kuti, "Sungeni, tiye kwathu." Akalowa m'nyumba n'kumutsitsira pakamphasa kake, ankati, "Tafika." Anamuphunzitsa malemu mayi ake. Iwo ankati khanda silidziwa njira. Thupi lake ukhoza kulinyamula ngati thumba la ufa, koma mwini thupiyo amatsala pamene wazolowera ukapanda kumuitana.

"Amake Sungeni, mwana ali kumsana kwanuko, ndiye mukuitananso ndani?" ankatero Gelesomu. "Zakumudzi izi mukanazisiya padepoti."

"Sekani, bambo ake," ankayankha Felesiya. "Pakamwa ndi panga, sindilipira."

Mwini nyumbayo anali a Kadzakumanja, bambo opemphera kwambiri, oyenda ndi Baibulo m'khwapa ngakhale popita kukagula mchere. Iwowa anazindikira chinthu chimene eni nyumba onse mtauni muno azindikira: nyumba imodzi ukaiduladula n'kukhala timazipinda, imabereka kuposa nkhumba. Ndipo sankafunanso mabanja. Ankafuna anthu osakwatira, ochoka m'mawa n'kubwera kutada, opanda ana odzaza chimbudzi ndi kulemba makala m'makoma.

Anawauza kuti asamuke. Gelesomu anapalasa njinga Kaliyeka yense, Chilinde, Mchesi, mpaka ku Kawale, koma kumene kunali nyumba mtengo wake unali wozunguza mutu, ndipo kumene mtengo unali wa anthu, funso linali limodzi: "Muli ndi mwana?" Anapempha a Kadzakumanja kuti awapirire pang'ono. Iwo anangoti, "Tipemphera." Mawa lake kunabwera njerwa. Mkuja wake mmisiri anazula chitseko cha kumaso n'kuchitsamiritsa pamtengo wa papaya.

Anasamuka tsiku lomwelo chakumadzulo. Mukudziwa nonse kuti wosauka sasamuka masana, amadikira kachisisira kuti anansi asaone matiresi ong'ambika ndi mapoto akuda. Kumwamba kunali kutada bii, mvula ikununkha. Bedi analisiya kwa mnansi wina, mipando kwa wina. Gelesomu anali woti azikagona mukontena ya mnzake wotchaja mafoni. Felesiya ndi mwana anali oti akakhale kaye kwa Velentina, mlongo wake wa Gelesomu, ku Chilinde. Kumudzi kunalibe kolowera, chifukwa malo a malemu mayi ake amalume anali atagulitsa kalekale kwa anthu a mtauni. Banja limodzi linabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi otentha.

Velentina anabwera kudzathandiza. Felesiya ali kalikiliki kumanga mapoto m'chitenje panja, madontho oyamba anayamba kugwa. Velentina anathamangira kuchipinda, anatola Sungeni ali m'tulo pamodzi ndi bulangete lake, n'kutuluka naye.

"Mlamu, landirani mwana, tinyowa!"

Felesiya anamulandirira pamsewu, anamubereka, anasenza mtolo, ulendo. Mtima wake unali pa mvula, pa manyazi, pa bedi limene anasiya kwa eni. Palibe anaitana munthu.

Kwa Velentina anampatsa pabalaza, kuseri kwa sofa. Ankayala anthu onse akagona, n'kupinda mphasa mwamuna wa Velentina asanadzuke. Anamuchenjezanso kuti asamayanike matewera poonekera, chifukwa alandilodi a kumeneko ankawerenga mitu ya anthu olowa pageti. Felesiya anangovomera. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna.

Usiku woyamba Sungeni sanalire. Wachiwiri chimodzimodzi.

"Koma mwanayu ndi wanzeru," anatero Velentina mokondwa. "Akudziwa kuti ali kwa eni."

Felesiya naye poyamba anathokoza Mulungu. Kenako anayamba kuona tina ndi tina. Mwana ankayamwa, inde, koma ngati munthu wogwira ntchito ya ganyu, osagwira bere ndi manja, osayang'ana mayi ake kumaso. Ukamugwedezera makiyi, osaseka. Ukamuika pansi, osakwawa. Ankangokhala pamene wamuikapo, maso ali yuu. Ndipo mutu wake unkatembenukira mbali imodzi yokha. Felesiya akamugoneka choyang'ana kukhoma, pobwera ankapeza khosi lapotokera kukhomo. Akamugoneka choyang'ana kukhomo koma cha uku, mutu unkabwerera komwe kuja. Kumsana ankapepuka modabwitsa. Nthawi zina Felesiya ali panjira ankadzidzimuka n'kugwira kumbuyo, kuganiza kuti wabereka chitenje chokha.

Kasipuni ka phala ka Sungeni kanasowa. Felesiya anakumbukira bwinobwino kuti anakamanga pamodzi ndi mapoto, ndipo anadyetsera nako mwana m'mawa woyamba kwa Velentina. Anakutumula zonse, osakaona. Kenako kunasowa kasokosi kamodzi, mwana atakavala.

Anapita naye kuchipatala. Anamuyeza magazi, malungo ayi. Anamuika pasikelo, sikelo inati ali bwino. Anamwino anamuseweretsa, kumugwira masaya, kenako anamuyang'anitsitsa m'maso.

"Mayi, thupi lilibe vuto," anatero motsitsa mawu. "Mubwere nayenso akapanda kusintha."

Felesiya anachita mantha enieni tsiku limenelo. Matenda ali ndi dzina ndi abwino, umadziwa pogwira.

Tsiku lina chakumadzulo anali pamsika wa makala, akusankha kajumbo ka Velentina. Pambali pake panaima mtsikana wa tsitsi loluka bwino, koma maso ali psuu ngati wagona mu utsi. Ankadandaulira mayi wogulitsa makala.

"Ine anti, sindikugona. Kusaluni ndikumasinza ndili ndi mutu wa kasitomala m'manja. Mwana kulira usiku wonse kuseri kwa khoma! Ndinakagogoda kwa mnyamata wa chipinda chinacho, ndati achimwene, tontholetsani mwana wanu. Iye akuti, chemwali, inetu ndimayesa ndi wanu. Tonse tilibe ana. Pakhomo ponse paja palibe mwana, alandilodi athu salola."

"Mwina ndi mphaka," anatero wogulitsa makala.

"Mphaka amasiya kasipuni pakati pa chipinda? Ndimakhoma ndekha, kiyi ndimayenda naye. Dzulo ndapezanso kasokosi."

Jumbo ya makala inagwa m'manja mwa Felesiya.

"Chemwali," anafunsa, "mumakhala chakuti?"

"Ku Kaliyeka, kuseri kwa chigayo. Kwa a Kadzakumanja."

Mtsikanayo, dzina lake Rozina, anasuzumira kumsana kwa Felesiya monga amachitira akazi akaona khanda. Anamwetulira, kenako kumwetulirako kunazima. Sungeni anali atapotoza khosi, maso ali kumtunda, kudutsa mutu wa Rozina, kudutsa madenga. Felesiya anatsatira maso a mwana wake, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira kumene ankayang'ana masiku onsewa. Kunali ku Kaliyeka. Pamenepo anakumbukira mvula ija, ndi Velentina akutuluka chothamanga ndi bulangete lofiira. Anakhala pansi pa fumbi la makala n'kugwira mutu.

Gelesomu atamva sanasekenso. Anapita onse awiri kwa a Kadzakumanja, anagwada ndithu.

"Bambo, tikupempha tingolowa pang'ono kuchipinda kuja. Tinaiwalamo kanthu."

"Kanthu kanji? Mmisiri anasesa monse."

Felesiya anafotokoza. Nkhope ya a Kadzakumanja inasintha.

"Zaufiti pakhomo panga? Mukufuna mundithamangitsire anthu a lendi? Tulukani! Ndikakuonaninso pageti pano ndikuitanirani apolisi."

Anali Rozina amene anawamvera chisoni, kapena tinene kuti anali ndi njala ya tulo. Anauza Felesiya kuti abwere tsiku limene a Kadzakumanja amapita ku mapemphero a usiku. Felesiya anadziwa zoyenera kuchita, mayi ake anali atamuuza ali mtsikana. Mwana akatsala, umabwerera pamene watsalapo n'kumuitana. Akakumva, umanyamuka. Sucheuka, suyankhula ndi munthu, suima panjira, mpaka utalowa m'nyumba mwanu, kumutsitsa, n'kunena kuti tafika. Ndipo mwana wotsala chotere umamuitana kamodzi kokha m'moyo. Akakhumudwa, sabweranso.

Tsikulo litafika, Felesiya analowa pageti kutangoda, Gelesomu n'kutsala panja ndi njinga. Nyumba sanaizindikire. Pamene panali khomo limodzi panali makomo anayi, lililonse ndi loko wake. Rozina anatsegula lake. Kachipinda kanali kopapatiza, bedi lokha kudzaza. Windo lija analidula pakati, theka kuno, theka kwa mnyamata uja. Ndipo khoma latsopano, la pulasitala wosauma bwino, linaima ndendende pamene pankakhala kamphasa ka Sungeni.

Rozina analoza m'munsi mwa khomalo. Cha m'maondo, pa pulasitalayo, panali timadontho tamafuta, tosanjikizana, ngati pamene mwana wophunzira kuimirira amagwiragwira.

Anadikira. Kunja chigayo chinazima. Kenako anamva. Sikunali kulira kwa sipika kuja. Kunali kulira kwa mwana amene walira masiku ambiri, mawu atasasa, kongokoka mpweya n'kutulutsa. Sikunkachokera kwa mnyamata uja, sikunkachokera m'chipinda muno. Rozina anadzifunditsa chitenje kumutu n'kuyamba kupemphera chamumtima.

Felesiya anagwada, anagunditsa chipumi pakhoma lozizira. Misozi inkangoyenda yokha.

"Sungeni. Sungeni mwanawe, ndine amako. Ndinalakwa. Tiye kwathu."

Kulira kunaleka. Kumsana kwake, Sungeni anagwedeza mwendo, koyamba chichokereni m'nyumbayo.

Felesiya anadzuka n'kutuluka. Kumbuyo kwake, pa simenti ya khonde, anamva kaphokoso kamene mayi aliyense amakadziwa: phwa, phwa, tizikhatho, ndi maondo okhwekhwereza. Anadutsa pageti. Gelesomu anatsegula pakamwa, koma atayang'ana pansi kumbuyo kwa mkazi wake, anatseka. Zimene anaona sananenepo mpaka lero. Anangoyamba kukankha njinga patsogolo, kuti asaonenso.

Anayenda pang'onopang'ono, pa liwiro la mwana wokwawa. Agalu amene amauwa aliyense usiku anangoti ziii, michira m'kati. Woledzera wina anatulukira akuimba, atafika pafupi anasiya nyimbo, anavula chipewa n'kupatuka m'ngalande. Kumsana, mwana anayamba kulemera pang'ono. Kadzanja kanagwira bulauzi. Mtima wa Felesiya unadumpha ndi chimwemwe, ndipo anaona denga la kwa Velentina.

Geti linali lokhoma. Kunja kwake kunali mtolo wa mapoto, mphasa ndi bulangete lofiira. Mkati munaima alandilodi a Velentina ndi tochi, ndi mwamuna wa Velentina atazyolika. Velentina ankalira atagwira zitsulo za geti.

"Mlamu, pepani! Aona matewera. Akuti mukalowanso, ifenso mawa tituluke. Tipita kuti ndi ana athu? Mlamu, yankhulani, tiwapemphe limodzi!"

Felesiya sakanayankhula. Sakanaimanso. Anayang'ana mlamu wake, anayang'ana geti, n'kupitirira. Gelesomu anagwada, anapempha, anatchula Mulungu, koma tochi inazima ndipo chitseko chinatsekedwa mkati. Anatola bulangete lokha n'kuthamangira mkazi wake.

"Amake Sungeni, tiyeni kukontena!"

Anafika. Mkati munali amuna anayi ogona mothinana pa makatoni, fungo la nsapato, wailesi ikulira. Felesiya anapukusa mutu n'kudutsa. Pamenepo ndi pati poti n'kunena kwa mwana kuti tafika?

Usiku umenewo Gelesomu anagogoda m'makomo ngati wamisala. Ankathamanga patsogolo, kugogoda, kubwerera. "Chipinda, bambo! Ngakhale khitchini, ngakhale kosungira makala, njinga iyi mutenge!" Ena ankayankhira mkati kuti palibe. Ena ankasuzumira pawindo, kuona mayi akuyenda yekha mumdima ndi mwana kumsana, milomo ili tsekee, n'kukoka katani. Sindiwanena kuti ndi oipa. Inunso mukanatsegula?

Felesiya anangozungulira. Chilinde, Kaliyeka, kubwereranso Chilinde. Mapazi anatupa. Kumbuyo kuja, phwa, phwa uja anayamba kutalikirana. Nthawi zina ankaleka, ndiye Felesiya ankapondaponda pamodzimodzi, mtima uli m'mwamba, mpaka amvenso. Kenako kunayamba kumveka kakulira kotopa. Mayi anamva mwana wake akulira kumbuyo, pa miyala, mumdima, koma osaloledwa kucheuka kuti amunyamule. Ululu woposa pamenepo ine sindiudziwa.

Tambala atayamba kulira, anafika pa nyumba ina yosamaliza, mwa nyumba zija eni ake amamanga mpaka pa windo ndalama n'kutha. Inalibe denga, inalibe chitseko, mkati munamera chisoso. Gelesomu analowa, anapondaponda udzu, anayala bulangete lofiira pakona.

"Lowani, amake Sungeni. Watopa mwanayo, safika patali. Nenani basi. Adziwa bwanji?"

Felesiya analowa. Anamasula chitenje, anatsitsa Sungeni pabulangete. Kukhwekhwereza kuja kunafika pakhomo n'kuima.

"Tafika," anatero Felesiya.

Kunali zii. Kenako Sungeni anakoka mpweya waukulu, ngati munthu wovuuka m'madzi. Maso ake anayera. Anayang'ana mayi ake kumaso, kuwayang'ana kwenikweni, ndipo anatambasula manja. Felesiya anafuula dzina lake. Koma mwanayo anayang'ana kumbali, kufuna windo lake, osaliona. Anayang'ana njerwa zosapaka. Anayang'ana kumwamba kumene kumayenera kukhala denga, n'kuona nyenyezi. Kamlomo kam'munsi kananjenjemera.

"Ayi, ayi, Sungeni, tikonza, bambo ako afolera, khala!"

Manja aja anagwa. Khosi linatembenuka pang'onopang'ono, kubwerera mbali yake ija. Ndipo panja, m'chisoso, anamva phwa, phwa, phwa, kukuchepera, kulowera ku Kaliyeka. Felesiya anaitana mpaka mawu anatha. Khanda sulinamiza za kwawo.

Rozina anasamuka sabata yomweyo. Mnyamata uja naye anachoka. Amene analowa pambuyo pawo sanathe mwezi. A Kadzakumanja anaitana anthu a mapemphero, anawaza madzi, anapaka laimu watsopano, koma timadontho tija tinkatulukiranso m'munsi mwa khoma. Anatsitsa lendi, anatsitsanso, mpaka kachipindako kanafika pa mtengo woti ngakhale wakabaza angakwanitse.

Felesiya atamva, anasamba, anavala chitenje chake chabwino, anabereka Sungeni n'kupita. Ngati mwana sangabwere kumene kuli thupi lake, thupi lipite kumene kuli mwana. Anagwada pageti.

"Bambo, ndamva chipinda chija chilibe munthu. Tipatseni ife. Sitidandaula za phokoso. Tikalowa ife, lithanso phokosolo."

A Kadzakumanja anaima ndi Baibulo lawo m'khwapa. Kumbuyo kwawo, dzuwa lili phwee, kulira kosasa kuja kunkamveka bwinobwino. Anayang'ana Felesiya, anayang'ana kamutu kopotoka kumsana kwake.

"Mayi," anatero, "lamulo la pakhomo pano mukulidziwa. Wa mwana sindilandira."

Ndipo anakhoma geti.

Mukadzadutsa kuseri kwa chigayo chija dzuwa likamalowa, mudzaona mayi atakhala pansi kunja kwa mpanda, atatsamira njerwa. Pamiyendo pake pali mtsikana wamkulu ndithu tsopano, woti bwenzi akupita kusukulu, wosayankhula, maso ali kumpanda. Mayiyo amaimba nyimbo yogonetsa mwana, koma saimbira amene ali pamiyendoyo. Amaimba mokweza, kuti mawu adumphe mpanda. Amaimba mpaka kulira kwa mkati kutaleka, ndiye amanyamula mtsikana wake n'kupita kukagona kumene wapemphako tsiku limenelo.

Musamupatse moni akamaimba, mungadzutse mwana. Makala atha, kagoneni. Inu amake khanda, mwanyamuka bwanji osaitana?